Kwa achemwali amene akufunsa za zitsamba za matenda a maganizo

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba: kuti chitsekereni golosale yanu papita miyezi itatu, tulo simukugona, nsima ikukukanikani kumeza, ndipo mukufuna zitsamba chifukwa mukuopa kuti kuchipatala akakupatsani "mankhwala a amisala". Pepani kwambiri. Ine zomwezi zinandigwira amayi anga atamwalira, ndiye ndikuuzani zimene zinandithandiza.

Kuipa kwa matendawa n'kwakuti amakulanda chilakolako cha zinthu zomwe zikanakudzutsa. Umati ndidzatuluka mtima ukadzafuna, koma mtimawo sufuna. Ine amene anandipulumutsa ndi alamu anga. Ankagogoda pawindo 5 koloko m'mawa, osandifunsa kuti ndadzuka bwanji, amangoti "valani chitenje, tiyeni kudimba". Sabata yoyamba ndinkayenda pambuyo pawo ngati ndasenza thumba la chimanga, ndipo tikafika ndinkangokhala pa mzere iwo akuthirira mpiru. Sabata yachitatu ndinadzidzimuka nditagwira ndekha keni, ndipo pobwerera fungo la mandasi pamsika linandipatsa njala koyamba m'miyezi iwiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi, ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku 5. Inu yambani ndi 10 zokha, dzuwa la m'mawa likuwombeni. Chachikulu pezani munthu wokugogoderani, chifukwa panokha mudzazengereza mpaka dzuwa kulowa.

Za tulo, musalimbane ndi nthawi yogona, limbanani ndi yodzuka. Dzukani ola lomwelo tsiku lililonse ngakhale mwagona pang'ono, tsegulani makatani, ndipo masana musabwerere pabedi. Tiyi ndi khofi zithere masana. Foni isagone nanu, makamaka ngati ndi mmene mumawerengeramo mauthenga a angongole pakati pa usiku. Mowa ndi chamba musayese n'komwe: zimagonetsa msanga, koma umadzuka 2 koloko usiku mtima utalemera kuposa dzulo.

Idyani katatu ngakhale pang'onopang'ono. Usipa, nyemba, bonongwe wotendera, nthochi, zomwe zilipo pakhomo n'zokwanira.

Tsopano za zitsamba, ndipo pano ndilankhula mosapsatira. Chamwamba ndi ndiwo yabwino, tiyi wa mandimu madzulo amakhazika mtima pansi, imwani ndithu. Koma zimenezi sizichiza matenda a maganizo, ndipo mabotolo ogulitsa pamsika olembedwa kuti amachiza matenda makumi awiri angokudyerani ndalama zomwe mulibe kale. Chitsamba chodziwika kwambiri pa matendawa ndi cha ku Ulaya chotchedwa St John's wort, chimene ena amatumiziridwa ndi abale akunja. Chimathandiza ena amene matendawa sanawagwire kwambiri, koma chimafooketsa mphamvu ya ma ARV ndi mapiritsi olerera, ndipo n'choopsa kuchiphatikiza ndi mankhwala akuchipatala a maganizo. Ngati wina wakupatsani, musamwe musanaonetse adokotala.

Mankhwala ena aulere ndi pakamwa. Ku Zimbabwe dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare mu mzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu odwala chomwe Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri kumene ife timakudziwa bwino. Agogowo salalikira. Amakuthandiza kutchula mavuto ako onse, kusankhapo limodzi lotheka, n'kugwirizana chochita sabata imeneyo. Anthu anapezadi bwino, ndipo njirayi inafika ndi kuno ku Malawi. Mungathe kuchita chimodzimodzi ndi munthu mmodzi wosunga chinsinsi. Mmalo moti ngongole, lendi, fizi ndi manyazi zikukhalireni pamutu zonse nthawi imodzi, tengani imodzi, mwina kukakambirana ndi abanki mkhonde za kabwezedwe. Ngati mumapemphera, pitirizani, ndipo kukwaya kapena kumvano musasiye ngakhale mutangokakhala kumbuyo. Koma wokuuzani kuti mukudwala chifukwa chikhulupiriro chanu n'chochepa, ameneyo asakhale womuuza zakukhosi.

Komabe achemwali, miyezi itatu osagona, osadya, ndi nthawi yaitali. Zikadutsa masabata awiri zili choncho tsiku ndi tsiku, amakhala matenda ofunika kuonedwa, ndiye kuchipatala pitani, zonse ndanenazi muzichita limodzi. Kupita sikutanthauza kuti akakutumizani ku Zomba Mental Hospital. Pachipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu funsani anamwino oona za matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God omwe amapereka uphungu. Apempheni akuyezeni magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimabweretsanso kufooka kofanana ndi kumeneku. Ngati muli ndi mwana wakhanda kapena mukumwa mankhwala ena alionse, auzeni. Akakupatsani fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti sapengetsa munthu. Amachedwa kuyamba kugwira, masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi ukangomva bwino. Ine ndinamwa miyezi isanu ndi itatu, kudimba ndikupitabe, ndipo ndinasiya pang'onopang'ono mouzidwa ndi adokotala.

Pali chiganizo chimodzi chimene mwalemba chomwe chandikhudza kwambiri, chakuti ana anu akanakhala bwino inu kulibe. Amenewo ndi matendawa akulankhula, si zoona ayi. Ngati maganizo odzipha akukubwererani, uzani munthu wamkulu wapakhomo lero lomwe, musagone nokha, ndipo tameki, mankhwala a mbewu ndi mapiritsi onse apatseni ena akasunge kwina. Akafika pokukulirani, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale usiku, kapena imbani nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni.

Ndiuzeni boma limene mukukhala, tione limodzi chipatala chapafupi, ndiponso munditchulire amene angakugogodereni mawa m'mawa.