Kwa mayi amene mwana wawo wazirala chilowereni ku koleji

Mayi, pepani ndi nkhawayi. Mwati mnyamata wanu anali wotentha pa za Mulungu ali ku sekondale chifukwa cha aphunzitsi ena amene ankayang'anira gulu la ophunzira achikhristu la SCOM, koma pano Lamulungu limamupeza ali m'bulangete. Ndiye mukufunsa ngati ntchito ya aphunzitsi aja inapita pachabe, komanso ngati mumupezere "papa" woti amugwire dzanja. Ndaona ena akutchulirani kale aneneri awo. Ine ndikuti dikirani kaye.

Tsegulani 2 Mbiri 24. Yoasi analowa ufumu ali ndi zaka 7, ataleredwa ndi wansembe Yehoyada ndi mkazi wake, amene anamubisa m'nyumba ya Mulungu zaka 6 kuti Ataliya asamuphe. Masiku onse a Yehoyada, Yoasi ankachita zolungama, mpaka kukonzetsa kachisi. Nkhalamba ija itangotsikira kuli chete, akalonga a Yuda anabwera kudzamugwadira, iye n'kuwamvera, n'kuyamba mafano. Mapeto ake analamula kuti Zekariya, mwana wa Yehoyada yemweyo, aponyedwe miyala. Chikhulupiriro cha Yoasi chinali chobwereka, ndipo mwini wake atapita chinapita naye.

Nkhani yagona pamenepo. Mlangizi amamumangirira mwana kwa yani, kwa iye mwini kapena ku Mawu ndi ku mpingo? N'chifukwa chake ndikukayika za apapazi. Sindikunyoza onse ayi, koma mwana akazolowera kuti loto lililonse, mayeso aliwonse, ngakhale za chibwenzi, ayimbe kaye foni kwa munthu mmodzi, tsiku limene munthuyo adzapunthwe mwanayo adzagwera limodzi naye. Taziona zimenezi m'matauni mwathumu.

Ine anandiumba ndi agogo ena a Chigwirizano, amene sanaimepo pa gome kulalikira. Loweruka madzulo ankandiitana kuti ndiwawerengere Buku Lopatulika poti maso anali atayamba kuchita chidima. Ndikalumpha liwu ankandibweza, chifukwa mavesiwo anali nawo pamtima. Tikatha ankafunsa, "Wamvapo chiyani?" Ndikati palibe, iwo osakweza n'komwe mutu pa lichero la mtedza lija, ankangoti, "Bwerezanso." Yankho sankandipatsa, ndipo zinkandikwiyitsa zedi. Maulaliki a kumisonkhano ya achinyamata, aja tinkalira nawo mpaka mawu kusasa, ndinaiwala pafupifupi onse. Chizolowezi chotsegula Baibulo ndekha n'kudzifunsa chimene ndamva ndiye sichinandichoke, ngakhale zaka zimene tchalitchi ndinkangochiona podutsa pa minibasi. Makolo athu a ku Nkhoma Sinodi poika alangizi ndi chilangizo ankadziwa kuti pali zina zimene mwana samva kwa mayi ake kapena kwa abusa, koma kwa wamkulu wina wokhala naye pamkeka.

China, musayembekeze kuti mwana adzatuluka ndendende ngati mlangizi wake. John Chilembwe anayamba ngati wantchito wapakhomo pa mmishonale Joseph Booth mu 1892, anabatizidwa mu 1893, ndipo mu 1897 anapita naye ku America. Kumeneko njira zawo zinasiyana. Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa PIM ku Chiradzulu, mpingo umene ulipo mpaka lero. Booth ankadana ndi nkhondo, koma wophunzira wake anatsogolera kuukira kwa mu 1915. Zimene anatola kwa Booth anazisenza, koma poyenda anayenda yekha.

Tsono za mnyamata wanuyo. Ku koleji kulibe belu lomudzutsa, kulibe aphunzitsi omuwerenga ngati wabwera ku mapemphero, ndipo mwina wakumana ndi mafunso amene ku sekondale sankafunsidwa. Kuzirala kotere sikutanthauza kuti mbewu inafa. Musamusandutse mutu wa pemphero pa gulu iye ali pomwepo, manyazi amathamangitsa anyamata kuposa mowa. Akabwera pa holide mufunseni chimene chinamutayitsa mtima, ndipo akayamba kulankhula muugwire mtima osamudula, ngakhale anene zoti zikulaseni.

Aphunzitsi aja ngati mungawapeze, apempheni amuyimbire foni yongocheza, kumufunsa za sukulu ndi za mpira, osati yomuzenga mlandu. Marko uja anathawa ntchito ali pa ulendo wolalikira ndi Paulo ndi Barnaba mpaka Paulo kumukana, Barnaba ndiye sanamutaye, ndipo pa 2 Timoteo 4:11 Paulo yemweyo akuitanitsa Marko kuti ngwothandiza. Ngati aphunzitsiwo anasamukira kutali, yang'anani mu mpingo mwanu momwemo bambo wokhazikika, woti pakhomo pake mumapadziwa, amene angamutenge mnyamatayo popita kumunda kapena kukazonda odwala. Kumufunsa za mayendedwe ake atha kudzayamba pambuyo, akazolowerana.