Utsi wakuda pa Mercedes 280E: musayambire pa kasikuluwu

Bambo wina wandilembera za Mercedes-Benz 280E yake ya mtundu wa W123, imene ikutulutsa utsi wakuda, kudetsa mapulagi ndi mwaye, ndiponso kuvuta kuliza injini ikatentha, ndipo akufunsa kuti kasikuluwu kosinthira mafuta akapotolere mbali iti. Bambo, funso lanuli landikhudza kwambiri, chifukwa kasikuluwu komweko ndi kamene kanatsala pang'ono kuwonongetsa Volvo 240 yanga, yomwe ili ndi makina a mafuta a mtundu womwewo, K-Jetronic ya kampani ya Bosch.

Volvo imeneyi inkamwa petulo modetsa nkhawa, ndipo makaniko woyamba amene ndinapitako sanafunse chilichonse. Anatenga Allen key ya 3 mm, n'kuilowetsa m'kabowo ka kasikuluwu kaja, pakati pa fuel distributor (chipangizo chogawira petulo ku masilinda) ndi paipi ya mpweya, n'kupotola mpaka utsi unachepa. Tsiku limenelo galimoto inayenda bwino ndithu, koma m'mawa mwake inkangolira n'kuzima, ndipo ndikaponda mafuta inkatsamwa. Nditabwerera anapotolanso kubwezera kwina, utsi n'kuyambiranso, ndipo pamapeto pake anandiuza kuti makina amenewa ndi okalamba, tingowachotsa n'kuikapo kabuleta.

Maganizo amenewo sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. K-Jetronic inayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1973, pa Porsche 911, kenako inafika pa Golf GTI ya 1976, pa Audi, pa Volvo ndi pa Mercedes zambiri, ndipo poyamba inalibe kompyuta iliyonse. Mpweya wolowa mu injini umakankha kachimbale, kachimbaleko kamasuntha kachitsulo ka mkati mwa fuel distributor, ndipo kachitsuloko kakamakwera kamatsegula timipata todutsira petulo wopita ku mainjekita. Munthu amene akuchotsa zimenezi n'kuikapo kabuleta sakukonza galimoto, akungothawa ntchito yoyeza, ndipo mwini galimotoyo amatsala ndi injini yochepa mphamvu imene palibe buku lililonse lofotokoza kakonzedwe kake. Zimandipweteka kwambiri ndikaona fuel distributor yabwinobwino itatayidwa pakona pa galaja, pamene vuto lake linali waya mmodzi.

Ndikunena za waya chifukwa ndi zimene zinapezeka pa Volvo yanga. Mkulu wina amene anagwira ntchito zaka zambiri pa magalimoto a ku Germany anabwera ndi geji yoyezera presha, n'kuilumikiza pa kapaipi kochokera pamwamba pa fuel distributor kupita ku warm-up regulator, kachipangizo kosintha kuchuluka kwa petulo malinga ndi kutentha kwa injini. Injini itazizira singano ya gejiyo inali pafupi ndi 1 bar (bar ndi muyezo wa presha), zimene n'zoyenera, chifukwa presha imeneyi ikakhala yotsika kachitsulo kaja kamakwera mosavuta ndipo injini yozizira imalandira petulo wambiri. Tinaima n'kumayang'ana singanoyo injini ikutentha. Inakwera mwaulesi n'kuima isanafike n'komwe pa 3 bar, pamene imayenera kufika pakati pa 3.4 ndi 3.8. Mkuluyo anazula pulagi ya magetsi ya pa regulator, n'kundionetsa timano take titabiriwira ndi dzimbiri. Mkati mwa regulator muli kachitsulo kopyapyala kamene kamapindika kakatenthedwa ndi magetsi, ndipo popeza magetsiwo sankafika, injini inkapatsidwa petulo ngati ikadali yozizira ulendo wonse. Atapala timanoto, singano inakwera mpaka pamalo pake.

Apa ndi pamene muyenera kumvetsa chifukwa chake kasikuluwu kaja sikangathetse vuto lotere. Ntchito yake ndi yaing'ono: kukonza msakanizo wa petulo ndi mpweya injini ikulira payokha itatentha, zina zonse zili bwino, ndipo amakasintha akuwerenga makina oyezera mpweya wa CO (carbon monoxide) mu utsi wa pa ekizozi. Petulo amapsa bwino akasakanikirana ndi mpweya wolemera kuwirikiza pafupifupi 14.7, koma injini yozizira imafuna petulo woposa pamenepo, ndipo amene amasiyanitsa nthawi ziwirizi ndi regulator. Mukachepetsa mafuta pa kasikuluwu pofuna kubisa utsi wa injini yotentha, mwachepetsanso a injini yozizira, n'chifukwa chake yanga inkazima m'mawa. Choipa china n'chakuti mukakapotola osalemba pamene kanali, mwataya chizindikiro chokhacho chimene chikanakuthandizani kubwerera poyambira.

Ndiwonjezerepo za galimoto zimene zimakhala miyezi yambiri osayenda, poti zakale zambiri zimatero. Petulo akakhalitsa amasiya zomatamata, ndipo wosakaniza ndi ethanol amakoka chinyezi chimene chimabweretsa dzimbiri m'thanki. Kachitsulo ka mu fuel distributor kanapangidwa mothina kwambiri moti kachitsotso kakang'ono kamakwanira kukagwira, choncho sefa ya mafuta si chinthu choumira nacho ndalama.

Zoti muchite pa 280E yanu

Yambani ndi moto wa mapulagi ndi taimingi, chifukwa moto wofooka umadetsanso mapulagi. Kenako pezani geji, muyeze presha yaikulu, imene iyenera kukhala 5 bar kapena kupitirira pang'ono, ndi presha ya regulator injini itazizira komanso itatentha, n'kuyerekeza ndi manambala a m'buku la galimoto yanu. Mukazimitsa injini musachotse geji: singano ikagwa mpaka pa ziro m'mphindi zochepa, ndiye kuti accumulator (kachipangizo kosunga presha ya petulo injini ikazima), valavu ya pa pampu kapena injekita ina ikutaya presha, petulo akuwira m'mapaipi otentha, ndipo kuvuta kuliza kuja kukuchokera pamenepo. Zulaninso cold start valve (injekita yowonjezera petulo poliza injini yozizira) muone ngati ikudontha, muonenso mphira za mainjekita ndi paipi ya mpweya ngati zang'ambika. Mwa zimene mwafotokoza, ine ndikukayikira kwambiri regulator pa nkhani ya utsi, ndi accumulator pa nkhani ya kuliza. Zimenezi zikakhala bwino m'pamene mungagwire kasikuluwu: kupotolera kumanja kumawonjezera petulo, kumanzere kumachepetsa, pang'onopang'ono kwambiri, ndipo muzichotsa Allen key musanaponde mafuta kuti isapinde mkono wa kachimbale.