Mwana wanga watopa ndi ntchito ya kubungwe, ndimuuze apirire?

Mayi wina wa ku Blantyre walemba motere: “Aphungu, mwana wanga wamkazi anaphunzira za chisamaliro cha anthu ndipo akugwira ntchito ku bungwe lina lomwe si la boma. Nthawi ya namondwe wa Freddy anali m'misasa ku Phalombe, ndipo chibwerereni wasintha. Tulo sapeza, akaweruka amangodzitsekera kuchipinda, foni ikalira amadzidzimuka. Mwana amene ankagwetsa misozi akaona wovutika lero akuti ‘anthu awa sathokoza’. Akufuna kusiya ntchito, koma ndiye amalipirira fizi ang'ono ake awiri. Mmodzi ali Folomu 4 ndipo akufuna maphunziro omwewo. Wamkuluyu ndimuuze apirire? Nanga wamng'onoyu ndimuletse?”

Mayi, mawu amene andikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi akuti “anthu awa sathokoza”. Musaganize kuti mwana wanu wauma mtima kapena wayamba matama. Amayankhula choncho ndi munthu amene wagawa mpaka nkhokwe yake yatha, ndiye mtima wayamba kudziteteza potalikirana ndi anthu omwe ankawachitira chisoni.

Vutoli lili ndi dzina, m'Chingerezi amati burnout. Mmodzi mwa oyamba kulifotokoza anali Herbert Freudenberger, katswiri wa zamaganizo wa ku New York, mu 1974. Analiona mwa anthu ongodzipereka pa chipatala chaulere chimene chinkathandiza ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndipo iye mwini linamugwiranso. Chimene anapeza n'chakuti ogwa msanga anali odzipereka kwambiri aja, osati aulesi. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kutopa kotereku kumachokera ku chipsinjo cha kuntchito chimene chatenga nthawi yaitali chosathetsedwa, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito n'kumaiona ngati yopanda pake, komanso kulephera kugwira bwino zimene kale unkazitha. Ziwiri mwa izi mwazilemba nokha.

Koma kudzidzimuka ndi kusowa tulo kuja musakuchepetse. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno mu Marichi 2023, ndipo amene anali m'misasa ya ku Phalombe ndi Mulanje anakhala masabata akumvetsera makolo omwe ana awo anakwiriridwa ndi matope. Womvetsera nayenso amavulala mumtima. Bala lotere silipola ndi tchuthi chokha, limafuna wodziwa. Ku chipatala cha Queen Elizabeth kuli gawo la matenda a maganizo loona anthu oyendera, m'zipatala za m'maboma muli anamwino a ntchito imeneyi, ndipo a St John of God amapereka uphungu ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kupita kumeneko si misala. Mukadzamumva akunena kuti bola kufa, kapena mukaona kuti wayamba kudalira mowa kuti agone, musadikire mawa, mupite naye tsiku lomwelo.

Ndiye apirire? Sindikuuzani kuti mumuuze choncho, ndipo sindikunena kuti alembe kalata yosiya ntchito mawa. Munthu wosagona sasankha bwino. Ayambe wapuma ndi kuonana ndi achipatala, chisankho chibwere pambuyo.

Kupumako ndi ufulu wake, si chifundo cha abwana. Lamulo la zantchito la 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata. Wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 15 pa chaka, wogwira masiku asanu ndi limodzi ali ndi 18. Amene watha chaka pa ntchito akadwala ali ndi masabata anayi a malipiro athunthu ndi ena asanu ndi atatu a theka, malinga abweretse kalata ya kuchipatala. Achinyamata ambiri a m'mabungwe satenga masikuwa poopa kuti kontrakiti ikamatha adzaoneka ngati osalimba. Mantha amenewa anakula kuyambira Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID ndipo anthu ambiri ntchito inawathera. Otsala anasenza katundu wa ochotsedwa. Timaona galimoto zoyera ndi alawansi n'kumati mwana wapata, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: malipoti a opereka thandizo osadikira, ulendo wa panjinga yamoto m'matope, mauthenga a WhatsApp a pakati pa usiku, ndi kupita kukauza mudzi wonse kuti mayina 40 okha ndiwo alowe m'kaundula pomwe anjala ndi 200. Amene amatukwanidwa ndi iyeyo woima pamaso pa anthu, osati wokonza bajeti.

Christina Maslach, amene wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri ku America, anasonyeza kuti magwero ake amakhala m'kakonzedwe ka ntchito: kuchuluka kwake, kusowa mphamvu yosankha kagwiridwe, kusayamikiridwa, kusagwirizana ndi anzako, kukondera, ndi kukakamizidwa kuchita zotsutsana ndi chikumbumtima. Mwana wanu akhale pansi alembe kuti mwa izi chikumudya kwenikweni n'chiti. Ngati ndi kuchuluka kwa ntchito, apite kwa womuyang'anira ndi pempho logwirika, monga tsiku lopuma akabwera ku midzi, kusayankha mauthenga usiku pokhapokha pagwe ngozi, kapena kusinthana ndi mnzake pa milandu ya nkhanza za ana imene imalemera kwambiri. Ngati chikumudya n'chakuti akuuzidwa kulemba manambala abodza m'malipoti, tchuthi sichingachize zimenezo. Ayambe kufuna malo ena ali pa ntchito pomwepo. Luso lake lolemba malipoti, kutolera ziwerengero ndi kuyankhula ndi mafumu likufunika m'makhonsolo, m'zipatala, m'sukulu ndi m'makampani.

Tsopano ndibwere kwa inu, chifukwa mbali yaikulu ya mankhwala ili m'manja mwanu. Mwana wanu tsiku lonse amakhala wothandiza. Akafika kunyumba amapezanso mndandanda: fizi, magetsi atha, amalume akudwala kumudzi, chopereka cha ukwati, feteleza. Alibe khomo limene angalowe n'kukhala mwana. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa mmene ndalama yavutira, ndipo kuthandiza makolo ndi chinthu chabwino chimene munamuphunzitsa. Koma khalani naye pansi mugwirizane ndalama imodzi yodziwika imene azipereka pa mwezi, zotsalazo zikhale zake popanda kufotokoza. Achibale akafuna thandizo adzere kwa inu, ndipo mawu akuti “mwezi uno sizitheka” atuluke pakamwa panu, chifukwa iye amawanena kale kokwanira kuntchito. Ngati kutchalitchi amuikanso m'makomiti atatu poti ndi wophunzira, muthandizeni kutula pansi awiri. Ndipo mumuuze momveka kuti ngati ntchitoyi itatha, banja lidzafuna njira ina ya fizi ndipo simudzamuimba mlandu. Ndikukhulupirira kuti chimene chikumusoweka tulo mbali ina ndi kuganiza kuti akagwa iye, nonse mwagwa.

Akadzitsekera kuchipinda musamuumirize kufotokoza zimene anaona. Mupatseni nsima, khalani naye, mufunseni za anzake akale a kusukulu amene sawaonanso. Anthu ogwira ntchito zothandiza ena amasiya msanga zinthu zimene zinkawasangalatsa, kwaya, mpira wamanja, kupita kudimba, poziona ngati kutaya nthawi. Mukumbutseni chimodzi.

Wamng'onoyo musamuletse. Dziko lino likusowa anthu a ntchito imeneyi, ndipo iye ali ndi mwayi woti wayamba waona mbali yake yolemera. Alimbikire MSCE, makamaka Chingerezi ndi masamu, chifukwa ntchito za m'mabungwe masiku ano zadzaza malipoti ndi ziwerengero. Pa tchuthi akadzipereke pa gulu la achinyamata kapena pa sukulu ya mkombaphala ya m'dera lanu, aone ngati mtima wake umakhazikika pakati pa anthu ovutika. Posankha koleji afunse ngati maphunzirowo ali ndi gawo la uphungu komanso nthawi yoyeserera ntchito pansi pa woyang'anira. Ndipo akadzaitanidwa ku mayeso a ntchito, akadzamufunsa ngati ali ndi funso, adzafunse kuti wogwira ntchito akakumana ndi nkhani yolemera ku midzi, akabwerako amakhala pansi ndi ndani.