Mababu angati m'shedi ya matumba? Yankho kwa kapitawo wa ku Ngabu

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ndi kapitawo pa shedi yosungiramo chimanga, mapira ndi nandolo kufupi ndi Ngabu. Shediyo ndi ya mamita 30 m'litali ndi 15 m'lifupi, koma muli mababu anayi okha. Mnyamata wina waganyu anaphonya phazi potsika pamulu wa matumba chakumadzulo, n'kubinya bondo. Abwana akuti mababu anayiwo ndi okwana chifukwa "mumaoneka". Bambowa akufunsa kuti kodi lamulo limati mababu akhale angati.

Pepani ndi ngoziyo, bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa wina asanathyoke msana. Lamulo lokhudza nkhaniyi ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, lomwe amaliyang'anira ndi a Unduna wa Zantchito. Mfundo yake ndi yakuti paliponse pamene anthu akugwira ntchito kapena kudutsa pakhale kuwala kokwanira ndi koyenera, kaya n'kwa dzuwa kaya n'kwa magetsi. Silikuwerengerani mababu, ndipo n'zomveka, chifukwa babu lomwelo likhoza kukwana m'kaofesi koma n'kukhala ngati chiphaniphani likapachikidwa mamita asanu ndi limodzi m'mwamba. Chimene timayeza ndi kuwala kumene kwafika pamene phazi likuponda ndi pamene dzanja likugwira. Muyezo wake ndi lux. Lumen ndi kuwala kumene babu likutulutsa, watt ndi magetsi amene likudya, ndipo lux imodzi ndi lumen imodzi yogwera pa sikweya mita imodzi.

Koma mawu akuti "mumaoneka" aja ndi amene andikhudza kwambiri. Mumaoneka kwa yani? Abwana amalowa m'shedi masana, chimanjamanja, amaima pakati pamene pali babu, amayang'ana uku ndi uku n'kutuluka. Wonyamula matumba ali ndi makilogalamu 50 paphewa, khosi lapendekeka, thukuta likulowa m'maso, ndipo thumba lomwelo likumutchingira kuwala kwa pamwamba moti akuponda mumthunzi wake womwe. Pansi pali njere za mapira zotayika zimene zimagudubuzika ngati mikanda. Kutsogolo kuli thabwa lopapatiza lokwerera pa lole. Munthu ameneyu akufunika kuona m'mphepete mwa thabwalo, chingwe chotayidwa, msomali wa paleti, nthawi zina ngakhale njoka imene yatsata makoswe pakati pa matumba. Komanso maso sali ofanana. Diso la munthu wa zaka 60 limalowetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu la kuwala kumene diso la wa zaka 20 limalowetsa, ndiye mlonda wachikulire kapena kalaliki wa pasikelo amavutika pamalo pamene wachinyamata akuti pali bwino. Ine ndimaona kuti mwini shedi amene amagula malole koma n'kumakana kugula nyale khumi ndi ziwiri wasankha kuti mtengo wa mdima ulipiridwe ndi mawondo a amaganyu, anthu amene akavulala mawa sabweranso ndipo palibe amawalemba m'buku lililonse. Zimenezo si kusowa ndalama, ndi kusawerengera anthu.

Chodabwitsa n'chakuti malo oopsa kwambiri masana ndi pakhomo. Dzuwa la masana panja limafika pafupifupi 100,000 lux. Munthu akachoka pamenepo n'kulowa m'shedi ya 30 kapena 40 lux, kwa kanthawi amakhala ngati wakhungu mpaka maso atazolowera. Ngati ndi woyendetsa forklift, kanthawi komweko n'kokwanira kugunda munthu. N'chifukwa chake nyale za pakhomo ziziyaka ngakhale masana, ndipo mamita oyambirira a m'kati akhale owala kuposa kwina konse, osaunjikapo katundu. Malata oonekera padenga amathandiza, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a denga, koma kuno ku chigwa musachulutse chifukwa amalowetsanso kutentha. Akakalamba amachita chikasu n'kufumbutuka, ndipo sangasenze munthu. Wokwera padenga kukatseka podontha adziwitsidwe pamene ali, chifukwa fumbi likawakuta amafanana ndi malata enawo.

Kutentha kumeneku n'kumene kumapha nyale zambiri kuno. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, Nchalo, Bangula mpaka Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo kunsi kwa malata, kumene nyale zimapachikidwa, kumatentha kuposa pamenepo. Anthu amati LED sitentha. Kuwala kwake sikuotcha, koma kabokosi kake kowongolera magetsi, kotchedwa driver, kamatentha, ndipo tizipangizo ta m'katimo totchedwa ma capacitor moyo wake umatsika ndi theka pa madigiri 10 aliwonse owonjezera. Ndiye nyale yotchipa ya pulasitiki imayamba kuphethira, kenako kuzilala, kenako kuthima, pomwe pabokosi analemba zaka zambirimbiri. Pogula yang'anani pamene alemba Ta, kutanthauza kutentha kwa malo kumene nyaleyo ingapirire. Sankhani ya madigiri 45 kapena 50, ya thupi la aluminiyamu la mizeremizere kumsana, ndipo muipachike motsikirako, osaigundika kumalata, kuti mpweya uzidutsa.

Fumbi nalo limadya kuwala mwakachetechete. Gaga, ufa, ulusi wa thonje, akangaude, ndiponso tizilombo touluka tochuluka kufupi ndi Shire nthawi ya mvula, zonsezi zimamatirira pagalasi mpaka nyale n'kumapereka kuwala kochepa kwambiri ikudya magetsi omwewo. Gulani zolembedwa IP65: 6 akutanthauza kuti fumbi silingalowe, 5 kuti madzi opopera sangalowe. Babu lamaliseche lolendewera pawaya lisapezeke m'shedi ya thonje kapena m'chigayo, chifukwa thonje silichedwa kugwira moto, ndipo fumbi la ufa kapena la shuga likachuluka mumpweya limatha kuphulika ndi kamoto kakang'ono ka polumikizira waya polekera. Pali china chimene ambiri amachidziwa mochedwa: mapiritsi ofukizira anankafumbwe amatulutsa mpweya wa phosphine, umene umadya kopa. Ukafukiza shedi yonse m'malo mofukiza pansi pa tenti yotsekedwa bwino, pakapita nthawi maswitchi ndi molumikizira mawaya mumachita dzimbiri lakuda ndipo nyale zimayamba kuthimathima popanda chifukwa chooneka. Ngati muli ndi machubu akale aja a choke, dziwaninso kuti amaphethira ka 100 pa sekondi pa magetsi athu a 50 Hz. Diso silikuona kuphethirako, koma pule kapena lamba wa makina akuzungulira akhoza kuoneka ngati waima, munthu n'kupititsako dzanja.

Nanga magetsi akathima? Anthu a kuno sanaiwale Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira m'boma la Chikwawa lomweli, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Jenereta si yankho lonse, chifukwa pakati pa kuthima ndi kuliza pamadutsa masekondi kapena maminitsi, ndipo munthu amene ali pamwamba pa mulu wa matumba sangadikire. Pamafunika nyale zodziyatsa zokha za batire pakhomo lililonse lotulukira, pamakwerero, pokhota njira, pa bokosi la magetsi ndi pamene pali zozimitsira moto. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 1838 umafuna 1 lux pakati pa njira yothawira kwa ola limodzi kapena kuposa, ndipo pamakina oopsa osachepera 15 lux. Gulani za maola atatu. Mabatire nawo amafa msanga ndi kutentha, choncho mwezi uliwonse zimitsani magetsi ake kwa kanthawi muone ngati zonse zayaka, ndipo kamodzi pachaka muzisiye mpaka maola atatuwo akwane. Lembani tsiku m'kabuku. Poti madzi osefukira sasowa kuno, monga tinaonera ndi Freddy mu Malichi 2023, bokosi la magetsi ndi masoketi zikhale pamwamba pa mzere umene madzi anasiya pakhoma, ndipo zikamizidwa zisayatsidwe asanaziyeze wodziwa ntchito.

Manambala ake

Poti lamulo likungoti kuwala kokwanira, akatswiri ambiri amatsamira pa muyezo wa ku Ulaya wa kuwala pamalo a ntchito, EN 12464-1. Mosungira katundu mmene simukhala anthu nthawi zonse ndiponso m'njira zodutsa, 100 lux. Popakira ndi kutsitsira malole, 150. Popakira m'matumba ndi kutumiza katundu, 300. Pa tebulo la kalaliki polemba ndi kuwerenga, 500.

Shedi yanu ndi masikweya mita 450. Popeza anthu amakhalamo tsiku lonse, tiyeni tifune 150 lux. Kuchulukitsa 450 ndi 150 kukupatsa ma lumen 67,500 ofika pansi. Koma si kuwala konse kumene kumafika: tiyerekeze kuti magawo 6 mwa 10 ndiwo amatsika, ena amamezedwa ndi makoma ndi matumba, ndipo fumbi ndi kukalamba zimasiya magawo 7 mwa 10 a otsalawo. Ndiye gawani 67,500 ndi 0.42 (0.6 kuchulukitsa ndi 0.7), mupeza pafupifupi 160,000. Nyale ya LED ya high bay (yopachika padenga lalitali) ya 100 W yabwino imatulutsa ma lumen pafupifupi 14,000, choncho mukufunika nyale 12, zodya 1.2 kW zonse pamodzi. Onani nambala ya lumen pabokosi musanalipire, ndipo ikasiyana bwerezani samuyo.

Nyalezi zikhale pamwamba pa njira zoyendamo, osati pamwamba pa milu, apo ayi mukuunikira matumba a pamwamba njira ili bii. Yambani mwajambula mizere ya njira pansi ndi penti yachikasu kuti milu isamasunthire pansi pa nyale. Mpata wa pakati pa nyale usapitirire kutalika kwake kuchokera pansi kuwonjezerapo theka, ndipo mulu usafike pafupi ndi nyale, pasiyidwe mita yathunthu. Pasikelo ndi posokera matumba onjezani nyale yakeyake yotsika. Pakhomo lopakira, nyale iunikire m'kati mwa lole kuchokera m'mbali, isathobwe m'maso dalaivala akamabwerera chambuyo. Kuwala koyera kwa nyale zolembedwa 4000 K n'kwabwino powerenga zolemba pamatumba ndi poona nkhungu pa chimanga. Pakani laimu m'makoma. Gawani nyale m'maswitchi awiri kapena atatu kuti breaker imodzi ikagwa shedi isade yonse, ndipo ntchito ya mawayayi igwiridwe ndi munthu wa chiphaso cha MERA.

Musanapite kwa abwana, bwerekani lux meter, kachipangizo koyezera kuwala, kwa wa zamagetsi. Pulogalamu ya pafoni imaphonya kwambiri, ingokuthandizani kufananitsa malo ndi malo. Yezani dzuwa litalowa, shedi ili ndi katundu monga mwa masiku onse. Ikani kachipangizoko pansi penipeni m'njira pa mamita atatu aliwonse, pathabwa lokwerera lole, pasikelo, ndi pamene mnyamata uja anagwera, inu mutaima pambali kuti mthunzi wanu usakatchinge. Lembani manambalawo papepala limodzi ndi tsiku la ngoziyo, pambali pake mulembe 100, 150 ndi 300 aja, musunge kope lanu, linalo mukapereke. Akapanda kuchitapo kanthu, pepala lomwelo n'limene mungapite nalo ku ofesi ya zantchito ku boma la Chikwawa.