Nyimbo zili pa fulashi koma gemu sikuziona: mafunso ndi mayankho

Funso: Amisiri, ndili ndi Xbox 360 ndi gemu ya Rock Band 3. Ine ndi mng'ono wanga tinajambula nyimbo yathu, ndipo ndatha milungu itatu ndikuikonza pa kompyuta kuti tiziisewera ndi gitala ndi ng'oma za gemuyi. Ndinatenganso nyimbo zina 12 zokonzedwa ndi okonda gemuyi. Zonse ndaziika pa fulashi ya 64 GB. Pa kompyuta zikuoneka bwinobwino, koma mu gemu mukungotuluka nyimbo 83 zomwe zinabwera ndi disiki. Ndafomata kale kawiri. Kodi yafa ndi fulashi kapena makina?

Yankho: Achimwene, siyani kaye kufomata, ndipo musathamangire kukagula fulashi ina. Mwa zomwe mwafotokozazi sindikuonapo chomwe chafa. Fulashi ikanafa, kompyuta sikanakuonetsani mafayilo. Makina akanafa, simukanafika mpaka pamndandanda wa nyimbo.

Chomwe chimatisokoneza ambiri n'chakuti timayesa makina a gemu amaona fulashi mmene kompyuta imaionera. Kompyuta imakuyalirani chilichonse chomwe chilimo, kaya ikuchidziwa kaya ayi. Xbox 360 sifufuza. Imalunjika pamalo amodzi omwe inauzidwa, n'kuyang'ana fayilo ya mtundu umodzi, ndipo ikapanda kuipeza imangokhala duu, osanena chifukwa. Choncho tiyenera kudziwa pomwe nyimbo zanu zikukodwa. Mwina makina sakuiona fulashiyo. Mwina akuiona koma sakupeza mafayilo. Mwinanso akuwapeza koma gemu ikuwakana. Chilichonse mwa izi chili ndi poyang'ana pake.

Musatsegule gemu. Lowetsani fulashi, pitani ku Settings, kenako System, kenako Storage. Ngati fulashi sikutuluka pamenepo, kapena ikutuluka ngati yosafomatidwa, vuto tayamba kuligwira. Fulashi iliyonse imafomatidwa mwa dongosolo lina lake losungira mafayilo, ndipo Xbox 360 imawerenga fulashi ya dongosolo la FAT32. Ya NTFS ndi ya exFAT siiwerenga. Yanu ya 64 GB ndikuikayikira kwambiri, chifukwa mafulashi ambiri opitirira 32 GB amagulitsidwa ali pa exFAT, ndipo kabokosi kofomatira ka Windows kwa zaka zambiri sikankapereka FAT32 pa fulashi yoposa 32 GB. N'kutheka kuti maulendo awiri munafomatawo munkangoibwezera pomwe inali. Koperani zonse pa kompyuta, kenako lolani Xbox yomweyo ifomate fulashiyo. Ikakana, gwiritsani ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yotha kuika FAT32 pa fulashi yaikulu, n'kuibweretsanso ku makina kuti aikonze mwa njira yawo.

Pano pali mbiri yaifupi yomwe imathandiza, chifukwa malangizo ambiri omwe anthu amawerenga ndi a nthawi zosiyana. Microsoft inalola kusunga zinthu za gemu pa fulashi mu April 2010, ndipo malire anali 16 GB. Mu 2012 anawakweza kufika pa 32 GB. Nthawi imeneyo makina ankapanga foda yobisika yotchedwa Xbox360, momwe munali mafayilo a mayina ngati Data0000 ndi Data0001, ndipo munthu sukanatha kuikamo nyimbo popanda pulogalamu yapadera yotsegulira. Mu 2015 kunabwera update yolola mpaka 2 TB, ndipo kuyambira pamenepo makina amangopanga foda wamba yotchedwa Content. Ndiye yang'anani fulashi yanu pa kompyuta makina akaikonza, mutayatsa kuonetsa zinthu zobisika. Mukaona Content, muli pa njira yatsopano. Mukaona Data0000, makina anu akadali pa dongosolo lakale, ndipo kungoponyamo mafayilo sikuphula kanthu.

Tifike pa foda, pomwe anthu ambiri amagwera. Nyimbo za Rock Band 3 zokonzedwa ndi anthu sizikhala pamwamba pa fulashi, kapena mu foda yomwe mwaitcha Nyimbo. Zimakhala umu:

Content\0000000000000000\45410914\00000001

Werengani maziro bwino. Foda yachiwiriyo ili ndi maziro 16, osati 15. Kumeneko n'komwe kumakhala zinthu zosakhala za munthu mmodzi. Nambala ya 45410914 ndi yomwe makina amadziwira gemu ya Rock Band 3. Foda yomaliza, 00000001, ndi ya zinthu zomwe makina amaziona ngati zosungidwa ndi wosewera. Palinso ina ya 00000002, koma imeneyo ndi ya nyimbo zomwe zinagulidwa kudzera pa Xbox Live, netiweki ya pa intaneti ya Xbox. Ndinakonzapo makina ena omwe mwini wake anali atawatsegula kale mpaka kupukuta mkati, poganiza kuti polowetsa fulashi pafa. Nditawerenga maziro ndinapeza 15. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa potsegulapo anathyola timano ta chikwama cha makinawo pachabe.

Njira yosavuta yopewera kulakwitsa mayina ndi kuwauza makina kuti akulembereni okha. Ku Storage konkuja, koperani kafayilo kalikonse ka Rock Band 3 kuchoka mu hard drive kupita pa fulashi. Mukaibweretsa ku kompyuta muona mmene makina amalembera mafoda ake, inu n'kungotsanzira.

Tsopano mafayilowo. Onetsetsani kuti mwawamasula ngati anabwera ali mu zip kapena rar, pakuti makina satha kumasula okha. Komanso si nyimbo iliyonse yotchedwa ya gemu ya gitala yomwe ndi ya makina anu. Mukaona foda yokhala ndi song.ini, notes.chart ndi song.ogg, imeneyo ndi ya gemu ya pa kompyuta monga Clone Hero. Za PlayStation 3 nazo zimakonzedwa mwa njira ina. Xbox 360 yosasinthidwa mkati imafuna fayilo imodzi pa nyimbo iliyonse kapena pa mtolo wa nyimbo, ya mtundu wa CON, ndipo nthawi zambiri dzina lake limathera ndi rb3con. Kusintha dzina sikusintha fayilo, monga mmene kulemba kuti mchere pa chitini cha shuga sikusinthira zamkati. Ngati mukukayika, tsegulani kope lake mu pulogalamu yowerengera malemba. Muona zilembo zosamveka zambirimbiri, koma zoyambirira zenizeni zikhale CON. Mukaona LIVE, fayiloyo ikufuna siginecha ya Microsoft, ndipo makina wamba sailandira ngati inakonzedwa ndi munthu kunyumba. Tsekani osasunga.

Mukaika zonse m'malo, bwererani ku Storage, sankhani fulashi, lowani m'magemu, mupeze Rock Band 3. Mayina a nyimbo akatuluka pamenepo, fulashi, foda ndi mtundu wa fayilo zonse zili bwino. Zikakhala kuti apo zikuoneka koma mu gemu mulibe, watsala mmodzi woti timufunse, yemwe ndi update ya gemuyo. Harmonix, kampani yomwe inapanga Rock Band 3 ya mu 2010, inatulutsa ma update angapo. Nyimbo zokonza wekha zimayenda pa Title Update 4. Title Update 5 inatseka njira imeneyi. Ngati makina anu analumikizidwapo pa Xbox Live muli mu gemuyi n'kuvomera update, muli ndi yachisanuyo. Muyenera kuichotsa n'kuika yachinayi yogwirizana ndi disiki yanu. Mukatero, sewerani makina asali pa intaneti, chifukwa akangolumikizika apemphanso update, ndipo mukaikana akutulutsani pa Xbox Live. Ine ndimalangiza kungozula waya wa intaneti kapena kuiwalitsa makina netiweki ya m'nyumba, poti mng'ono wanuyo akhoza kudina batani lovomera osadziwa, ntchito yonse n'kubwerera pambuyo.

Pempho langa n'lakuti muyambe ndi nyimbo imodzi yokha, yomwe mukudziwa kuti inayendapo pa makina a munthu wina. Musayambe ndi yanuyo. Mukasintha chinthu, sinthani chimodzi, muyese, kenako china.

Funso: Zikomo amisiri. Inalidi pa exFAT, ndipo ndinali ndi update yachisanu. Tsopano mwa 12 zija zatuluka 9. Zitatu sizikuoneka, ndipo yathu ija ndiye palibiretu. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Mwayenda ulendo waukulu, achimwene, ndipo zotsalazi n'zazing'ono. Tiyambe ndi yanu, poti ndiyo mwaikhetsera thukuta.

Ndikuganiza kuti munaimanga ndi Magma. Pulogalamu imeneyi Harmonix anaipangira anthu omwe ankakonza nyimbo zogulitsa pa Rock Band Network, msika wa pa intaneti wa nyimbo za gemuyi, ndipo yoyambirirayo imatulutsa fayilo yothera ndi rba. Fayilo imeneyi inali yoti itumizidwe kuchoka pa kompyuta kupita ku makina kudzera pa netiweki, kuti wokonza aiyese. Si yoika pa fulashi, ndipo gemu siiyang'ana n'komwe ikakhala pamenepo. Ikufunika kusandutsidwa CON. Okonda gemuyi anapanga zida zochitira zimenezi, monga C3 CON Tools, yomwe pano imatchedwa Nautilus, ndiponso Magma yokonzedwanso yomwe imatulutsa CON mwachindunji. Ntchito yanu ya milungu itatu sinawonongeke. Manotsi ali mu fayilo yanu ya MIDI, mawu ali pomwe munawasiya, changosowa ndi chikuto choyenera.

Za zitatu zinazo, onani kaye ku Storage. Ngati ina ikuoneka ndi chizindikiro chochenjeza kuti ndi yowonongeka, ndiye kuti mwina sinatsitsidwe yonse pa intaneti, mwina munazula fulashi kukopera kusanathe, mwinanso wina anaisintha mkati osaisainanso. Fayilo ya CON ili ndi manambala otsimikizira zamkati mwake, ndipo mukasinthamo ngakhale kachithunzi, manambalawo ayenera kuwerengedwanso ndi kusainidwanso. Zida zomwe ndatchula zija zimachita zimenezi. Yerekezaninso kukula kwa fayilo ya pa fulashi ndi ya pa kompyuta. Zikasiyana, koperaninso.

Ngati zikuoneka zabwinobwino ku Storage, ganizirani zinthu ziwiri. Gemu imasunga kamndandanda ka nyimbo zomwe inaziwerenga kale kuti isamayambirenso nthawi zonse, ndipo nthawi zina kamndandandaka kamatsalira m'mbuyo. Pezani fayilo ya song cache pansi pa Rock Band 3 n'kuifufuta. Gemu ipanga ina, kungoti ichedwerapo potsegula koyamba. Samalani kwambiri kuti musafufute fayilo yosunga gulu lanu ndi zigoli zanu, pakuti zimakhala pamndandanda umodzi. Chachiwiri, mkati mwa nyimbo iliyonse muli kafayilo kotchedwa songs.dta, komwe kali ndi dzina lalifupi ndi nambala yomwe gemu imaidziwira. Anthu awiri osadziwana akhoza kupereka nambala yofanana ku nyimbo zosiyana, ndipo gemu imangotenga imodzi. Poyesa, chotsani zisanu ndi zinayi zomwe zikuyendazo, musiye zitatu zokhazo. Zikatuluka zili zokha, mwadziwa kuti zimalimbirana nambala ndi zinzake.

Zinanso ziwiri mwachidule. Lowetsani fulashi musanatsegule gemu. Ndipo mukafuna kusamutsira nyimbo mu hard drive ya makina, fupikitsani mayina, chifukwa kumeneko dzina la fayilo silipitirira zilembo 42.

Ndisabise, pali vuto lina lomwe sindilikonda: mafulashi achinyengo, olembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Mafayilo oyamba amalowa bwino, otsatira amaoneka mayina okha koma zamkati zitatayika. Ngati nyimbo zomwe zikukanika nthawi zonse ndi zomwe mwaika komaliza, yesani fulashiyo ndi pulogalamu ya H2testw, yomwe imalemba malo onse n'kuwawerenganso.

Funso: Amisiri, ine ndine mayi wa ana awiri, ndipo zanga si za gitala. Ana ali ndi PlayStation 4, ndimangofuna nyimbo za MP3 zizilira akamasewera. Fulashi ikuoneka koma nyimbo ayi.

Yankho: Mayi, zanuzi n'zopepuka, koma muzu wake ndi womwewo: makina akuyang'ana malo amodzi. Pa kompyuta, pangani foda yotchedwa Music pamwamba penipeni pa fulashi, isakhale mkati mwa foda ina, n'kuikamo nyimbozo. PlayStation 4 imawerenga FAT32 ndi exFAT, koma osati NTFS. Tsegulani pulogalamu ya Media Player pa makinawo, ndipo ngati palibe, iyenera kutsitsidwa kaye pa intaneti. Imalandira MP3, AAC ndi FLAC. PlayStation 5 nayo imafuna foda yomweyo, ndipo imalandira mitundu yomweyi. Pa PlayStation 3 fulashi ikhale ya FAT32 basi, ndipo nyimbo zikapanda kuoneka, lozani fulashiyo pansi pa Music, dinani batani la makona atatu, musankhe Display All.

Zikakanikabe, funsani komwe nyimbozo zinachokera. Zomwe mumasunga mu Spotify kapena Apple Music kuti muzimvera popanda intaneti n'zokhomedwa, zimalira mu pulogalamu yomweyo basi, ndipo kuzikopera pa fulashi sikuthandiza. Ngati munakopera kuchoka pa Mac, mutha kuona timafayilo tina toyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi, tokhala ndi mayina ofanana ndi nyimbo zanu. Timeneto si nyimbo, tisiyeni kapena tifufuteni. Ndipo pa Windows yatsani kuonetsa mathero a mayina a mafayilo, chifukwa yomwe mukuiyesa MP3 ikhoza kukhala ya mtundu wina, monga opus kapena webm, yomwe iyenera kusandutsidwa MP3 ndi pulogalamu yosinthira mawu isanaikidwe mu foda ya Music.