Denga lafulati kumalo kogwa mvula yambiri: yankho kwa bambo a ku Mulanje

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Mulanje amene akumanga nyumba ya zipinda zitatu. Akufuna denga lafulati kuti aziyanikapo chimanga ndiponso aikepo thanki ya madzi, koma mtengo wa simenti ndi zitsulo wawagwetsa mphwayi, choncho akufunsa ngati angagwiritse ntchito dothi, nsungwi kapena chinthu china chotsika mtengo m'malo mwa konkire.

Bambo, ndiyambe ndi dothi, chifukwa pamenepo ndikukuletsani mosapita m'mbali. Madenga afulati adothi alipodi ku Timbuktu m'dziko la Mali, koma kumeneko mvula ya chaka chonse nthawi zambiri sifika mamilimita 250, pamene kwanu m'munsi mwa phiri imapitirira mamilimita 1,500, ndipo dzinja likatha chiperoni chimabwera kudzanyowetsanso zomwe zinayamba kuuma. Dothi likamwa madzi limalemera, limafewa ndipo limaoletsa mitengo yolinyamula. Amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita m'mwezi wa Marichi 2023 sitingalole munthu kugoneka ana ake pansi pa denga lotere.

Nsungwi nazo musaziike m'kati mwa konkire m'malo mwa zitsulo. Zimafufuma konkire akadali wamuwisi, kenako zimanyala, n'kusiya mpata umene madzi amalowamo mpaka zitavunda osaonekera.

Njira imene ndingakulimbikitseni inatchuka ku Kerala, m'dziko la India, kumene mvula imafika pafupifupi mamilimita 3,000 pachaka. Katswiri wa zomangamanga Laurie Baker, amene anamwalira mu 2007, ankagogomezera mfundo yakuti konkire wa kumunsi kwa silabu, lomwe ndi denga lothiridwa konkire, sanyamula katundu kwenikweni, popeza kumunsiko denga limakokeka likalemedwa, ndipo ntchito yolimbana ndi kukokekako ndi ya zitsulo. Choncho pakati pa mizere ya zitsulo ankayalapo matailosi adongo ootcha, awiriawiri mosanjikiza, n'kuthira konkire pamwamba ndi m'mipata. Ena amavundikira timiphika tadothi m'malo mwa matailosi, ndipo ife kuno oumba miphika tili nawo. Simenti imachepa, denga limapepuka, ndiponso mpweya wotsekeredwa m'dongomo umachepetsa kutentha m'nyumba. Dziwani kuti silabu wamba wochindikala masentimita 12 amalemera pafupifupi makilogalamu 290 pa sikweya mita iliyonse, ndiye kulemera kulikonse kumene mwachotsapo ndi mpumulo ku makoma ndi maziko anu. Koma kukula kwa zitsulo ndi kutalikirana kwake kuyenera kuwerengedwa ndi injiniya, osati kungoyerekeza pamalo a ntchito, makamaka chifukwa cha thanki ija: madzi okwana malita 1,000 amalemera tani imodzi, ndipo ayenera kukhala pamwamba pa khoma kapena chipilala, osati pakatikati pa chipinda.

Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si chomangira, koma madzi ogona padenga. Denga lotchedwa lafulati lisakhale lafulati ndithu. Muuzeni mmisiri wanu kuti lizitsika masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse kulowera kumene kuli mapaipi, ndipo mapaipiwo akhale aakulu, osachepera awiri, kuti lina likatsekeka ndi masamba linzake lizigwirabe ntchito. Ndaona nyumba zingapo zimene eni ake anawononga ndalama zambiri pogula phula lopaka padenga kuti madzi asalowe, koma madzi ankaimabe pakona pamene silabu akumana ndi kakhoma ka m'mphepete, mpaka ndere zinamera, zitsulo zinachita dzimbiri ndipo pulasitala inayamba kugwa m'chipinda chogona. Pakona pamenepo pamatidwe mozungulira ndi matope a simenti, ndipo phula likwere kakhomako masentimita osachepera 15. Konkire akathiridwa, muzimunyowetsa kwa masiku osachepera 7 kuti asachite ming'alu, ndipo ntchitoyi muigwire mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe.

Ku Kerala komweko mabanja ambiri amadzamanga denga lamalata lopendekeka pamwamba pa silabu atatopa ndi kudontha. Inu siyiranitu tizitsulo totulukira pamwamba pa zipilala, kuti ndalama zikadzapezeka mudzakhomepo malata oterowo, ndipo chimanga chanu chidzaumira pansi pake ngakhale kunja kukuwaza chiperoni.