Moto m'nkhalango ya taiga: woononga kapena wothandiza?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa kuti zingatheke bwanji akatswiri kumanena kuti moto umathandiza nkhalango ya taiga, chikhalirecho moto umapsereza mitengo. Funso lanu ndi lomveka, ndipo yankho lake lagona pa kuzizira kwa derali.

Taiga ndi nkhalango yomwe yayala kuchokera ku Alaska ndi Canada, kudzera ku Norway, Sweden ndi Finland, mpaka ku Siberia m'dziko la Russia. Kumeneko nyengo yozizira imatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, motero bowa ndi tizilombo towoletsa zinthu timagwira ntchito mwapang'onopang'ono kwambiri. Masamba onga singano a mitengo ya paini ndi spruce amangounjikana pansi pamodzi ndi ndere, chakudya chomwe mizu ikufuna n'kutsekeredwa m'menemo. Moto, womwe kawirikawiri umabuka chifukwa cha mphenzi, umasandutsa zinyalalazi phulusa, umabwezera chondecho m'nthaka, komanso umatsegula malo kuti dzuwa lifike pansi.

Mtengo womwe umandigometsa kwambiri ndi jack pine wa ku Canada. Njere zake zimakhala m'zipatso zolimba zomatidwa ndi utomoni, zomwe zimatha kukhala panthambi zaka zambiri osatseguka. Kutentha kukafika pafupifupi madigiri 50, utomoni uja umasungunuka, zipatso zimayasama, njere n'kugwera paphulusa pomwe palibe mthunzi wozitchinga. Mitengo ya aspen ndi birch nayo imaphukira msanga pamalo opsa, pomwe spruce amakula mwakachetechete n'kudzalanda malowo patapita zaka makumi angapo.

Komabe sindikufuna muganize kuti moto uliwonse ndi wabwino, pakuti dongosololi limayenda bwino pokhapokha moto ukamabwera patalipatali. Dera la kumpotoli likutentha mofulumira kuposa madera ambiri a dziko lapansi, ndipo mu 2023 moto udatentha mahekitala pafupifupi 15 miliyoni ku Canada kokha. Moto ukabwereranso mitengo isanakhwime n'kubereka njere, nkhalango imalephera kudzibwezeretsa. Chondidetsa nkhawa koposa n'chakuti kaboni wambiri wa taiga, yemwe akapsa amasanduka mpweya wowonjezera kutentha kwa dziko, sali m'mitengo ayi, ali m'nthaka ya zomera zosawola bwino ndi m'nthaka youndana ndi kuzizira ya pansi pake. Moto waukali umalowerera m'nthaka imeneyi, ndipo nthawi zina umanyeka pansi pa chipale chofewa nyengo yonse yozizira n'kudzabukanso kukayamba kufunda, uku ukutulutsira mumlengalenga kaboni yemwe adasungika kwa zaka mazana ambiri.